Kufera m'manja mwa apolisi

Pa 20 Febuluwale 2019, Buleya Lule anaimirira m'khoti la majisitireti ku Lilongwe n'kukana mlandu. Ankamuganizira kuti anatengapo mbali pa kubedwa kwa Goodson Makanjira, mnyamata wachialubino wa zaka 14 amene achiwembu anamutulutsa m'nyumba usiku ku Dedza sabata imodzi m'mbuyomo. Ena amene anamangidwa pa mlandu womwewo ananena kuti Lule ndiye anawatuma ndi kuwalonjeza ndalama. Iye anati sakudziwapo kanthu. Mlandu utaimitsidwa, apolisi anabwerera naye kuchitokosi. Tsiku lotsatira dziko linamva kuti Lule wamwalira.

Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission silinakhutire ndi zimene zinkamveka poyamba, choncho linapempha katswiri woyeza mitembo, Dr Charles Dzamalala, kuti aunike thupilo. Zimene anapeza zinali zoimitsa mutu. Thupi la Lule linali ndi mabala m'mutu, linali ndi zipsera za kuwotchedwa, ndipo chimene chinamupha kwenikweni chinali magetsi. Munthu amene dzulo lake analowa m'khoti akuyenda yekha anali atazunzidwa mpaka mtima kuima, m'nyumba ya boma, m'manja mwa anthu amene amalandira malipiro kuti ateteze moyo.

Omvera ena anganene kuti munthu woganiziridwa mlandu woopsa chotere sayenera kumveredwa chisoni. Ambiri ananenadi zimenezo nthawi imeneyo, ndipo mkwiyo wawo unali ndi gwero lomveka, chifukwa anthu achialubino ankaphedwa ndi kudulidwa ziwalo m'maboma ambiri, manda awo akufukulidwa. Koma amene analira mokweza Lule atafa anali anthu achialubino eni ake. Iwo ankadziwa kuti ngati munthuyo analidi m'gulu la achiwembu, ndiye kuti anali ndi mayina a ogula ziwalo, ndipo mayinawo apita naye kumanda. Ngati sanalimo, ndiye kuti waphedwa munthu wosalakwa pamene eni mlandu akudya nsima kwawo. Mbali zonse ziwirizi woluza anali Goodson ndi anzake. Kukayikira kwawo apolisi kunali ndi maziko: pa mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, m'gulu la anthu amene khoti linawapeza olakwa mu 2022 munali wansembe, munali wogwira ntchito zachipatala, munalinso wapolisi.

Imfa ya Lule inatchuka chifukwa mlandu wake unali pamaso pa dziko lonse. Koma zimene zinamuchitikira zili ndi abale ake ang'onoang'ono amene sadziwika, ndipo amachitika mwakachetechete. Aliyense amene anakulira ku Ndirande, ku Mchesi, ku Chibavi kapena pa sitolo za kumudzi amawadziwa mawu akuti "akakupana ukaulula". Mnyamata wagwidwa pomuganizira kuti waba foni kapena mbuzi. Afika naye pa kauntala, amuvula lamba ndi nsapato, amulemba m'buku. Madzulo amutulutsa kuchitokosi kupita naye ku ofesi ya ofufuza milandu, ndipo kumeneko funso limakhala limodzi: katundu ali kuti, ndipo unali ndi ndani? Akachedwa kuyankha, zibonga zimayankhula. Anthu amene anadutsamo amasimba za kumenyedwa m'mapazi ndi m'mawondo, za kukwapulidwa ndi m'mbali mwa chikwanje, za unyolo womangidwa mothina mpaka manja kutupa, za kugona ndi njala masiku angapo. Potsiriza amabweretsa pepala lolembedwa kale, kawirikawiri m'Chingerezi chimene mwini wake sangawerenge, n'kumuuza kuti asainire kapena adinde chala.

Pepala limeneli ndilo phata la nkhani yonse, ndipo m'pofunika kulimvetsa bwino.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, amene anakhazikitsidwa mu 1994, amanena mosapita m'mbali. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu aliyense kapena kumuchitira nkhanza zomuchotsera ulemu. Gawo 42 limapatsa munthu womangidwa ufulu wokhala chete, ufulu wouzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, ufulu woonana ndi loya, ufulu wosaumirizidwa kuvomera mlandu, ndiponso ufulu wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Ufulu wosazunzidwa uli m'gulu la maufulu ochepa amene boma silingawaimitse ngakhale dziko litakhala pa nkhondo. Mu 1996 Malawi analowanso m'pangano la United Nations lothana ndi kuzunza anthu, limene limalamula mayiko kuti kuzunza kukhale mlandu woima pawokha, komanso kuti mawu ofinyidwa mwa munthu pomuzunza asagwiritsidwe ntchito ngati umboni.

Koma pali lamulo lina lakale, la kazengedwe ka milandu ndi umboni, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code. Gawo 176 la lamulo limeneli limati khoti lilandire umboni wakuti munthu anavomera mlandu, ngakhale mwini wakeyo atadandaula kuti sanavomere mwa kufuna kwake. Woweruza amangoyenera kukhutira kuti mawuwo anatulukadi m'kamwa mwa woimbidwa mlanduyo ndiponso kuti zimene ananenazo n'zoona. Funso lakuti mawuwo anatuluka bwanji, ndi ndodo kapena ndi simbi yamoto, silitseka chitseko cha khoti. Oweruza ena ayesapo kukana umboni wotere potsamira pa malamulo oyendetsera dziko, koma gawolo likadali m'buku. Wapolisi wofufuza milandu amalidziwa gawo limeneli kuposa mmene amadziwira gawo 19. Amadziwa kuti sitetimenti yosainidwa ikalowa m'fayilo, ntchito yatha, mlandu wapita kukhoti, bwana wasangalala. Lamulo likamalandira chipatso cha nkhanza, nkhanzayo imasanduka njira yogwirira ntchito.

Komiti ya United Nations yoona za panganoli itakhala pansi ndi nthumwi za Malawi ku Geneva mu Novembala 2022, koyamba chilowereni dziko lino m'panganolo, inatchula zinthu ziwiri zomwezi: kuti m'malamulo a milandu a dziko lino mulibe mlandu wotchedwa kuzunza, ndiponso kuti umboni woumiriza ukulandiridwabe m'makhoti. Wapolisi amene wawotcha munthu ndi simbi angazengedwe mlandu wovulaza, wofanana ndi wa anthu awiri amene amenyana pa mowa. Lamulo silisiyanitsa ndewu ya kumowa ndi zimene wachita munthu wovala yunifolomu ya boma kwa mnzake womangidwa manja, amene sangathawe, sangabwezere, ndipo alibe mboni kupatula makoma.

Chilungamo chimafuna kuti mbali ya apolisi imvekenso. Wofufuza milandu pa polisi ya kumudzi nthawi zambiri alibe galimoto, ndipo ikakhalapo ilibe mafuta. Wodandaula ndiye amauzidwa kuti apeze thiransipoti. Zipangizo zoyezera zidindo za zala, magazi kapena malovu n'zochepa ndipo zili kutali. Malipiro ndi ochepa, nyumba za m'malaini n'zothina, mafayilo ndi mulu patebulo. Pamwamba pa zonsezi pali khamu la anthu panja lofuna kuona wakuba atagwidwa lero lomwe, ndipo mwini katundu wobedwa amanong'oneza yekha kuti "bwana, mum'finye pang'ono aulule". Anthu omwewo akaona woganiziridwa watuluka pa belo amati apolisi adya ndalama, ndipo ulendo wina sapita naye kupolisi wakubayo, amamuthira petulo. Wapolisi amagwira ntchito pakati pa umphawi wa zipangizo ndi ukali wa anthu.

Zonsezi n'zoona, koma sizifafaniza mlandu. Kusowa mafuta a galimoto sikunayambe kwalumikizapo waya wa magetsi pa thupi la munthu. Pali apolisi ambiri amene amagwira ntchito m'mavuto omwewo koma sanakwezepo dzanja pa womangidwa, ndipo amenewa ndi amene amanyozeka kwambiri anzawo akamachita zankhanza popanda chowachitikira. Komanso kufinya munthu sikutulutsa choonadi. Munthu amene akumva ululu woopsa amanena chilichonse chimene akuganiza kuti chiletsa ululuwo. Amatchula mnansi wake, amatchula mlamu wake, amavomera mbuzi imene sanaionepo. Otchulidwawo amagwidwa, nawonso amapanidwa, amatchula ena. Fayilo imanenepa, ndende ya Maula kapena ya Chichiri imalandira anthu a rimandi, pamene wakuba weniweni akupitiriza ntchito yake.

Chizolowezi chimenechi chili ndi mizu yakuya. Polisi ya dziko lino inakhazikitsidwa mu 1921, nthawi ya atsamunda, ndipo ntchito yake yoyamba inali kusunga bata la olamulira ndi kuthamangitsa okana msonkho. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, nthambi ya Special Branch inali ndi mphamvu yotenga munthu usiku n'kukamutsekera ku Mikuyu kapena ku Dzeleka popanda mlandu, zaka n'zaka. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa chimene analakwa. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi n'kukapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene anatsogolera Justice Mtegha, dziko litalowa m'zipani zambiri, anapeza kuti anayiwo anachita kuphedwa. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo onse amene anaimbidwa mlanduwo, kuphatikizapo Kamuzu Banda ndi John Tembo, khoti linawapeza osalakwa.

Dziko latsopano la 1994 linasankha njira imene likuitsatirabe mpaka lero. Linakhazikitsa bwalo lapadera lopereka chipukuta misozi kwa anthu amene anazunzika mu ulamuliro wakale, National Compensation Tribunal, limene linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi n'kutsekedwa ambiri asanalandire zawo. Ozunzidwa anauzidwa kuti alembetse mayina adzalandire ndalama. Ozunza ochuluka sanafunsidwe kanthu. Ambiri anapitiriza ntchito, ena anakwezedwa, ena anapuma ndi penshoni yawo, ndipo achinyamata olowa kumene ntchito anaphunzira kwa iwo mmene munthu amamufunsira mafunso. Dzina linasintha kuchoka ku Malawi Police Force kukhala Malawi Police Service. Zochitika m'chipinda cha mafunso sizinasinthe mofulumira ngati chikwangwani cha panja.

Mu Novembala 2001 woimba Evison Matafale wa ku Chileka, amene anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu 20 anafa pa zionetsero, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, pafupifupi onse ataomberedwa ndi apolisi. Patangotha miyezi iwiri, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anathamangira kulengeza kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba. Dr Dzamalala yemweyo anapeza kuti mabala a m'mutu mwake sanali a kugwa, ndipo kafukufuku amene anatsogolera Justice Andrew Nyirenda mu 2012 anatsimikiza kuti mnyamatayo anaphedwa. Maboma anasinthana, malipoti analembedwa, koma mabanja a anthu amenewa akhala akudikira chilungamo nthawi yaitali kuposa imene mwana amatenga kuchoka Sitandade 1 kufika Folomu 4.

Palibe nkhani imene imaonetsa bwino mmene kusalangidwa kumagwirira ntchito kuposa ya ku Msundwe. Pa 8 Okutobala 2019, mkati mwa chipwirikiti chotsatira chisankho cha chaka chimenecho, gulu la anthu linagenda ndi kupha wapolisi wamkulu, Usumani Imedi, pamene apolisi ankachotsa zotchinga pa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji. Imfa imeneyo inali yankhanza, ndipo opha anayenera kufunidwa ndi kuzengedwa mlandu. Koma apolisi amene anatumizidwa kumeneko anapita kukabwezera. Analowa m'midzi ndi m'misika ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, anathira utsi wokhetsa misozi m'nyumba, amuna anathawira kutchire, ndipo amayi ndi atsikana amene anatsala m'makomo anagwiriridwa ndi kuchitidwa zolaula. Ena anachitidwa zimenezi ana awo akuona. Ena anali ana asukulu.

Malawi Human Rights Commission inafufuza ndi kutulutsa lipoti lotsimikiza nkhanzazo. Bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyi kukhoti m'malo mwa amayi ndi atsikana 18. Mu Ogasiti 2020 Justice Kenyatta Nyirenda wa khoti lalikulu anagamula kuti ufulu wawo unaphwanyidwa, kuti apolisi analephera udindo wawo wofufuza, ndipo analamula kuti apatsidwe chipukuta misozi komanso kuti ochita nkhanzawo afufuzidwe. Chipukuta misozicho chinawerengedwa, chonse pamodzi chinaposa K100 miliyoni. Chigamulocho chinatamandidwa mpaka kunja kwa dziko lino, ndipo chinayeneradi kutamandidwa.

Komabe taganizirani, omvera, kumene ndalamazo zinachokera. Wapolisi akazunza munthu, wosumiridwa amakhala loya wamkulu wa boma, ndipo wolipira amakhala thumba la boma. Thumba limenelo ndi msonkho umene mayi wa ku Msundwe amadula akamagula sopo ndi mayunitsi. Kunena mosabisa, amayi ogwiriridwawo anasonkha nawo ndalama zodzipukutira misozi yawo yomwe. Wogwiririra sanataye ngakhale tambala imodzi, malipiro ake anapitiriza kulowa mwezi ndi mwezi, ndipo zaka zinadutsa popanda wapolisi ndi mmodzi yemwe kuweruzidwa pa zimene zinachitika m'midzi imeneyo. Khoti linavomereza kuti mlandu unachitika, boma linavomereza kuti liyenera kulipira, koma wopalamula anakhala wopanda dzina ndi wopanda nkhope.

Njira zimene dzina la wolakwa limasowera zimadziwika. Wodandaula amayenera kukanena kupolisi, nthawi zina pa polisi yomweyo imene anamenyedwera, kwa anthu amene amadya ndi kugona m'malaini amodzi ndi womumenyayo. Kuti adokotala alembe za mabala ake zoti zikagwire ntchito kukhoti, kawirikawiri amafunika kalata yochokera kupolisi. Womangidwa akavulala kwambiri amasungidwa mpaka zotupa zitaphwa, maola 48 aja n'kusanduka sabata. Akafika kukhoti amaima popanda loya, chifukwa maloya a Legal Aid Bureau ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, ndipo womuperekeza ndi wapolisi amene abwerere naye kuchitokosi madzulo. Ndani angatsegule pakamwa? Nkhani ikatulukabe n'kufika m'nyuzipepala, chilango chodziwika ndi kusamutsidwa. Wapolisi amene wathyola nthiti za munthu m'boma lina amakapezeka akugwira ntchito m'boma lina, ndi manja omwewo. Anzake amene anaona amakhala chete, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa mawa angafune kuti nawonso abisidwe.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo anaona vuto limeneli kalekale. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, lokhala ndi mphamvu yofufuza imfa ndi kuvulala kulikonse kochitika m'manja mwa apolisi. Lamulo lomwelo linapereka mwayi woti anthu wamba osankhidwa m'madera aziyendera zitokosi kuona mmene omangidwa akusungidwira. Bungwe la madandaulolo linakhala pa pepala zaka khumi zathunthu. Maboma a Bingu wa Mutharika, Joyce Banda ndi Peter Mutharika onse anadutsa osalipatsa ofesi kapena mkulu woliyendetsa. Linayamba kupuma pambuyo pa chigamulo cha Msundwe, pamene Christopher Tukula anasankhidwa kukhala kamishinala wake woyamba. Lule anafa bungweli lisanabadwe, ngakhale lamulo lolibala linali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndipo kuyambira pamene linayamba ntchito lakhala likudandaula za kuchepa kwa ndalama ndi kwa ofufuza. Munthu womenyedwa ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene alibe ndalama ya basi, bungwe lokhala mumzinda limakhala kutali ngati kulibe.

Ntchito yaikulu yoyang'anira zitokosi yakhala ikugwiridwa ndi anthu opanda mfuti kapena mphamvu yomanga: alangizi a zamalamulo a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute amene amayenda m'mapolisi ndi m'ndende kufunsa amene wakhalitsa osaonekera kukhoti, ndi mabungwe ngati CHREAA amene amatengera milandu ya anthu osauka kukhoti. Mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre amene anamangidwa akupita kumsika m'bandakucha, khoti lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene apolisi ankasesera nalo anthu osauka m'misewu. Chigamulo chimenecho chinatseka khomo limodzi lolowetsera anthu m'chitokosi popanda chifukwa. Makomo ena akadali otsegula.

Mlandu wa Lule unatha mosiyana ndi ina yonseyi, ndipo kusiyanako n'kofunika kukuyang'anitsitsa. Lipoti la Malawi Human Rights Commission linatuluka mu 2019 lili ndi umboni wa adokotala ndi mayina a amene anali pa ntchito. Chaka chinatha popanda womangidwa. Mu Julayi 2020, patangopita milungu yochepa boma litasintha, apolisi 13 anamangidwa, mmodzi mwa iwo ali wa udindo wa kamishinala. Mlandu unayenda pang'onopang'ono, ena anamasulidwa m'njira, ndipo mu Disembala 2024 Justice Chifundo Kachale wa khoti lalikulu anapeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa pa mlandu wakupha. Anapita kundende.

Chigamulo chimenechi chinaonetsa kuti yunifolomu si chishango chosabooka, ndipo wapolisi aliyense wofufuza milandu m'dziko muno anachimva. Koma onani zimene zinafunika kuti chitheke. Panafunika dokotala wodziwa ntchito yake ndi wosaopa kulemba zimene waona. Panafunika bungwe la ufulu wa anthu loumirira, atolankhani osatopa, mkazi wa Lule wamasiye wosagonja, maso a mayiko akunja amene anali kale pa nkhani ya anthu achialubino, kusintha kwa boma, ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Chimodzi mwa zimenezi chikanasowa, Lule akanalembedwa m'buku ngati munthu amene anadwala mwadzidzidzi. Mnyamata wa foni uja alibe chilichonse mwa zimenezi. Iye akafera m'chitokosi, abale ake amaitanidwa kukatenga mtembo, nthawi zina n'kupatsidwa bokosi ndi galimoto yonyamulira maliro, ndipo ku mudzi anthu amaika maliro msanga chifukwa kusunga thupi kumafuna ndalama. Akapulumuka, amatuluka akutsimphina, n'kuthokoza Mulungu kuti watuluka.

Chinthu chinanso chodetsa nkhawa n'chakuti kumangidwa kwa apolisi aja kunadikira kuti olamulira asinthe. Chilungamo chimene chimayenda boma likasintha chimaphunzitsa apolisi phunziro lolakwika, lakuti chofunika ndi kukhala kumbali ya olamulira a lero. Wapolisi ayenera kuopa lamulo tsiku lililonse, kaya ku State House kuli ndani.

Zoyenera kuchita sizobisika, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuluka. Nyumba ya Malamulo ikhoza kukonza gawo 176 pa mkumano umodzi, kuti umboni uliwonse wopezeka pozunza munthu usalowe m'khoti, ndiponso kuti womangidwa akadandaula kuti anamenyedwa, boma ndilo litsimikize kuti sanamenyedwe. Tsiku limene sitetimenti yofinyidwa idzakhale pepala lopanda ntchito, chifukwa chachikulu chomenyera anthu chidzatha. Aphungu omwewo akhoza kulemba mlandu wa kuzunza m'malamulo a milandu, wokhala ndi chilango cholingana ndi kuopsa kwake, wogwiranso bwana amene analamula kapena amene anamva kulira m'chipinda choyandikana n'kupitiriza kulemba malipoti ake. Majisitireti aliyense akhoza kuyamba mawa lomwe kufunsa womangidwa amene waima movutika pamaso pake chimene chamuchitikira, n'kulamula kuti akaonedwe kuchipatala asanabwerere kuchitokosi. Ndipo boma likalipira chipukuta misozi, likhoza kutsata wolakwayo kuti abweze gawo lina kuchokera m'malipiro ndi penshoni yake, kuti ululu wa mlanduwo ufike m'thumba loyenera.

Imfa iliyonse ya m'chitokosi iyenera kuyezedwa ndi dokotala wosadalira apolisi, abale ake alipo kapena atatumiza wowaimira, thupi lisanaikidwe. Apa m'pamene dziko lili pa mavuto enieni, chifukwa akatswiri oyeza mitembo m'Malawi ndi owerengeka pa zala. Dzina la Dzamalala limabwera pa mlandu wa Chasowa, limabweranso pa mlandu wa Lule patapita zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, ndipo zimenezi zikusonyeza kulimba mtima kwa munthu mmodzi komanso kuchepa kwa anthu amene dziko lingawadalire pa ntchito imeneyi. Kuphunzitsa madokotala ena ntchitoyi ndi kuwateteza akalemba zosakomera akuluakulu ndi mbali ya kuthetsa nkhanza za m'chitokosi, ngakhale kuti sizimveka choncho pa misonkhano ya ndale.

Za ku Msundwe, ntchito imene yatsala si yovuta kuimvetsa. Gulu la apolisi silituluka pa kampu popanda wolilamula. Galimoto imene inawanyamula inali ndi dalaivala, inathiridwa mafuta, ndipo wina anasainira. Utsi wokhetsa misozi ndi mfuti zimatengedwa mosungira zida polemba dzina ndi nambala ya wotenga. Amene anatsogolera apolisi ku Msundwe, ku M'bwatalika ndi ku Mpingu mu Okutobala 2019 akudziwa anyamata amene anakwera nawo galimoto, ndipo likulu la apolisi ku Area 30 likudziwa amene anawatuma. Amayi 18 aja anachita mbali yawo yovuta kwambiri: anaulula zimene zinawachitikira, pamaso pa amuna awo, apongozi awo ndi dziko lonse, ena maukwati awo n'kugwedezeka chifukwa cha kuululako. Mabuku a ntchito a masiku amenewo ayenera kuperekedwa kwa ofufuza a Independent Complaints Commission ndi kwa mkulu wozenga milandu ya boma, ndipo wapolisi aliyense wotchulidwamo, kuyambira wolamula gululo mpaka wotsiriza kukwera galimoto, afunsidwe kumene anali ndi chimene anachita, popanda womukhudza ndi chala, loya wake ali pambali.